Dzanja Limene Amayi Sanalione

Tolliver Neck,
South Carolina.
10 Okutobala 2019

Okondedwa achimwene Cleophus,

Ndikhulupirira muli bwino ku Philadelphia kumeneko, inu ndi alamu anga ndi ana. Kuno tikudzuka. Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Makutu a Amayi anatheratu, koma maso ayi, ndipo ndikangogwira foni amandiyang'anitsitsa pakamwa mpaka atadziwa zonse.

Nkhani ndi ya msonkho wa malo athu. Musaipinde kalatayi, ndimakudziwani inu, werengani mpaka kumapeto.

Chimangireni anthu olemera aja nyumba zawo m'mbali mwa mtsinje, aboma akhala akukweza msonkho chaka ndi chaka. Ndinapita kuofesi kukafunsa kuti kwathu kwasintha chiyani, poti denga likudonthabe pomwe linkadontha inu musanachoke. Mtsikana wapawindo anati, "Mayi, ife sitiyang'ana denga. Timayang'ana mtengo womwe oyandikana nanu agulitsira malo awo." Ndinamufunsa za kuchotserako msonkho komwe amachitira okalamba. Iye anati, "Dzina la amayi anu lilipo pachikalata cha malo?" Pachikalatapo pakadali dzina la agogo athu, a Hezekiah, omwe anamwalira inu ndi ine tisanabadwe.

Malowa akuti ndi a tonse, koma msonkho ndi wa ine Earline ndekha. Asuweni athu akabwera kuphwando labanja amadya mpunga wofiira ndi nkhanu mpaka kumasula lamba, nkumaloza mitengo kuti apa ndi pathu. Ndikatchula msonkho, "Mawa, msuweni, mawa." Mawa lakelo sindinalionepo. Inunso, achimwene, musadzichotsemo.

Chaka chino ndinalephera kulipira msonkho wa chaka chatha, ndipo malo athu anaikidwa pagulu la ogulitsidwa pa okushoni. Akumpingo anatisonkhera ndithu, Mulungu awadalitse, koma ndalamazo zinakwana Lamlungu pamene ofesi inali itasiya kulandira Lachisanu. Njira inatsala imodzi, kupita kuholo ya okushoni Lolemba kukagula malo athu omwe pamtengo woyambira.

Mwambo uja mukuukumbukira. Akatchula malo osiyiridwa ndi makolo, wabanja amaimirira nkunena, ndipo holo yonse imasunga manja pamiyendo, ngakhale azungu amene amakhalira kugula malo a anthu. Silamulo, silinalembedwe paliponse, ndi manyazi chabe. Ine ndinati ndikalankhula ndine. Amayi anandidula. "Iwe Earline, uli ndi pakamwa ngati lumo, ukatukwana anthu. Ndikanena ndine."

Anavala chipewa chawo cha Pasaka, nakakhala kutsogolo penipeni kuti aziona pakamwa pa wotchula mitengo. Dzina la banja lathu la Gadson litamveka ndinawakodola. Anadzuka pang'onopang'ono atagwira ndodo, nati, "Awa ndi malo a makolo. Apongozi anga anawagula ndi thukuta, amuna anga agona pomwepo. Chonde tisiyireni." Achimwene, ndikanakonda mukanawamva. Mawu sananjenjemere mpang'ono pomwe. Ine ndinakweza dzanja nkutchula mtengo woyambira.

Kenaka kumbuyo kunakwera dzanja lina.

Anali bambo wina wamalaya oyera, foni ili kukhutu, wotumidwa ndi kampani yakutali. Sanatchule pang'ono, anangolumpha kufika pomwe ine sindingafike ngakhale nditagulitsa galimoto ndi mabedi omwe. Anthu anang'ung'udza. A Lucius Chisolm, adikoni akumpingo kwathu aja, anatembenuka nkumufunsa, "Bambo, simunamve zomwe anena mayiwa? Kwanu mulibe amayi?" Iye anaphimba foni ndi dzanja nati, "Pepani, ine ndangotumidwa." A Lucius anati, "Nayenso Yudasi anangotumidwa." Ena anaseka, koma nyundo ya wotchula mitengo inagunda basi, ndipo anaitana dzina lotsatira.

Amayi sanamve chilichonse. Iwo anaona dzanja langa lili m'mwamba, anaona nyundo ikutsika, basi. Kumbuyo sanacheuke. Anandigwira bondo nati, "Waona? Anthu akadali ndi ulemu." Ine misozi ili mbwee, iwo nkumayesa ndi yachimwemwe. Potuluka anagwira chanza aliyense amene anali pafupi ndi khomo, kuthokoza. Anamugwiranso chanza bambo wamalaya oyera uja, nati, "Ambuye akudalitseni, mwana wanga." Apo ndiye ndinafuna nthaka ingondimeza.

Mpaka lero sindinawauze. A Lucius apempha mpingo wonse kuti utseke pakamwa, koma mukudziwa pakamwa pa anthu akuno, sipachedwa kutseguka.

Sikuti zatheratu. Lamulo limatipatsa chaka chimodzi choti tiwombole malo. Koma chiwongoladzanja amachiwerengera pamtengo waukulu womwe bamboyo anatchula, ndiye zomwe mpingo unasonkha sizikukwananso, ndipo chimakula tikamachedwa. Msonkho wa chaka chino nawonso uli m'njira. Nyengo ya alendo yatha, nyumba zomwe ndimakolopa zija azitseka mpaka nyengo yozizira idutse. Chaka chikatha tisanalipire, chikalata chipita kwa kampani ija, pamodzi ndi nyumba, munda wa therere ndi manda a Ababa. Ndatopa, achimwene. Ndikuchita mantha, ndipo ndakwiya nanu nonse.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Muwaimbire asuweni mmodzimmodzi, inu amakumverani poti ndinu mwamuna wam'tauni, ine amangonditenga ngati wolongolola. Chachiwiri, mubwere. Musatumize moni, mubwere ndi miyendo yanu, tikakhale pansi ndi loya tikonze za dzina lapachikalata Amayi akadali ndi moyo.

Moni kwa alamu anga a Vernetta, muwauze kuti mankhwala a miyendo aja anafika. Moni kwa Thalia ndi kamng'ono kake.

Amayi ali pakhonde pano akusenda mbatata. Andiona ndikulemba ndipo andifunsa ngati ndi kalata ya Cleophus. Akuti ndikupatseni moni wambiri. Akuti ndikuuzeni kuti anaimirira okha pamaso pa anthu onse aja ndipo palibe anawatsutsa. Akuti mukabwera mudzasankhe pomanga nyumba yanu yopumira ntchito, iwo akuona kuti kufupi ndi mtengo waukulu uja nkwabwino chifukwa sikufika madzi. Andiuza kuti ndilembe zimenezi ndendende, ndiye ndalemba.

Akufuna ndiwawerengere kalatayi ndisanaimate, iwo akundiyang'ana pakamwa. Ndiwawerengera ndime yawo yokhayo.

Ndine mlongo wanu,
Earline