Maseveni Awiri a Amayi

Lolemba, 2 Juni

Achimwene abweranso ndi nkhani yawo ija. Akuti chidwalire sitiroko Amayi mutu sukugwira, ndiye asamukire kwawo, nyumba ino igulitsidwe. Akuti adokotala anawalembera kale kalata yotsimikiza. Amayankhula uku akukanda kuseri kwa khutu, Amayi ali pomwepo pampando, ngati akukamba za kabati. Amayi maso anali pa makina awo osokera. Zoona mawu amatuluka movutikira, awiri atatu basi. Koma mutu? Sindikudziwa, ndipo ndili ndi mantha.

Lachitatu, 4 Juni

Wa fizio, wothandiza Amayi kulimbitsa ziwalo, akuti dzanja lamanja lizigwiragwira tinthu: mabatani, makadi. Makadi! M'nyumba muno? Amayi omwewa anandikwapula ndili mwana chifukwa cha khadi limodzi lotola panjira. Ndagulabe paketi. Ndalowa nayo mobisa ngati kabotolo ka mowa.

Lachinayi, 5 Juni



Ndinaika makadi patebulo ndikudikira kukalipiridwa. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anawakoka ndi dzanja lamanzere, kundiponyera awiri, iwonso awiri, n'kukhuthula chitini cha mabatani pakati pathu. "Poka," anatero.

Poka, juga ya makadi ija! Ine ndimaidziwa chifukwa ndimasewera pa foni nthawi yopuma kuntchito, ndipo ndakhala ndikubisa ngati tchimo lalikulu. Tiyi asanazizire n'komwe anali atandidya mabatani onse, ngakhale aja a jekete ya malemu Bambo.

Lachisanu, 6 Juni

Lero ndalowa m'kalasi ya Amayi. Amayi anayamba ndiwo kubetcha makadi apakati, omwe tonse timafananitsa ndi athu, asanatembenuzidwe. Atatu oyamba atabwera anali Kingi, folo ndi thuu. Anakankhanso timabatani pang'ono, nkhope ili gwa. Ine ndinali ndi Kwini ndi Jeki, palibe chofanana ndi zapakati, ndiye ndinataya. Iwo n'kundionetsa maseveni awiri. Maseveni chabe!

Ndinawafunsa ngati samaopa kuti ndili ndi Kingi mnzake wa uja. Anati, "Ulibe." Kenaka anagogoda pa Kingi ndi chala: "Mmodzi, betcha. Pang'ono." Anaika Esi pambali pake: "Awiri, khala." Ndinafunsa nanga osewera akachuluka? Akuti khalanso. Mawu amenewa anawatengera pafupifupi mphindi ziwiri, thukuta lili kamukamu pamphumi.

Ndayang'ana pa foni. Akatswiri akunena zomwezo m'masamba ataliatali: wamkulu ngati Kingi akagwa mmodzi pakati, kawirikawiri mnzako amakhala alibe wofanana naye, ndiye amene unayamba kubetcha pitiriza. Amayi azinena m'mawu asanu.

Loweruka, 7 Juni

Ndaimbira azakhali. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti ine ndisanabadwe Bambo analuza makina osokera aja pa juga. Amayi sanalire. Miyezi itatu ankapita komweko ngati ogulitsa tiyi, akungoona manja ndi nkhope za anthu. Tsiku lina anakhala pansi n'kusewera, makina anabwera pa wilibala. Chichokereni pamenepo khadi silinalowenso pakhomo.

Zaka zonsezi ndakhala ndikupukuta fumbi pamakinawo osadziwa kanthu. Kodi mayi anga ndimawadziwa ine?

Lamulungu, 8 Juni

Sitinasewere. Akuti lero ayi. Koma nyimbo amang'ung'udza bwinobwino.

Lolemba, 9 Juni

Achimwene anafika masana n'kutipeza tili pamakadi. Anagwira pakamwa, kenaka anayamba kuseka. Akuti umboni ndi umenewu, Amayi enieni sangagwire khadi. Ndinaona kuti ndawaonjezera mfundo ndine.

Amayi analoza mpando. Achimwene paja amadzitama kuti kwa anzawo palibe owagwetsa pa makadi, ndiye anakhala, akuti angowasangalatsa. Ine ndinali wogawa.

Ulendo wachinayi Amayi anabetcha poyamba, Achimwene anatsatira. Pakati panabwera Kingi, faifi ndi thuu. Wamkulu mmodzi. Ine ndinayamba kuwerenga mumtima, ndipo zoonadi Amayi anakankha timabatani pang'ono. Achimwene anakankha mulu wawo wonse, akuti Amayi tayani, musavutike. Dzanja lili kuseri kwa khutu.

Amayi sanayang'anenso makadi awo. Anayang'ana mwana wawo. "Ulibe," anatero, n'kukankha onse.

Achimwene anali ndi Jeki ndi teni, palibe kanthu. Ndinatembenuza awiri otsala, sanawathandize. Amayi anagoneka makadi awo. Maseveni aja abweranso, ndinatsala pang'ono kukuwa.

Achimwene anati ndi mwayi chabe, n'kuyamba kunyamula chikwama. Pamenepo Amayi anatambasula dzanja. Lamanja, lodwala lija, lomwe wa fizio wakhala akulichonderera mwezi wonse. Linanjenjemera koma linafika pakati pa tebulo, chikhato chili m'mwamba.

"Kalata."

Achimwene anati aiwala ku ofesi, abwera nayo mawa. Akunena choncho dzanja linali litafika kale kukhutu. Analizindikira okha, n'kulitsitsa pang'onopang'ono.

"Ulibe," anatero Amayi.

Achimwene, bambo wa ana atatu, anaweramitsa mutu ngati agwidwa ndi shuga m'thumba. Ine ndimadikira kuti awathamangitse, ndipo kunena zoona ndimafuna atero.

Amayi anagawa mulu wa mabatani pawiri, theka anakankhira kwa Achimwene, n'kuwaikira paketi patsogolo.

"Gawa," anatero.

Achimwene anaika chikwama pansi.