Ndinasesa Pansi pa Mbawa

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko? Kuno mwera wakuntha kuyambira m'mamawa, nyanja yachita thovu, palibe bwato lomwe lalowa m'madzi. Dzuwa lakwera pang'ono koma kukuzizirabe. Ndakhala kuseri kwa nyumba, pamene munkayanika chinangwa, ndavala juzi yanu yobiriwira ija. Ndikulemba m'Chichewa chifukwa ndicho anatiphunzitsa kulemba kusukulu. Chitonga chathu ndikati ndichiike papepala chimandithawa.

Ndiyambe ndi zabwino, poti munkanena kuti mlendo sumulonjera ndi maliro. Achimwene a Yotamu ndi alamu a NyaManda ali ndi mwana wamkazi, anabadwa mwezi wa Meyi. Amupatsa dzina lanu. Akamayamwa amakwinya nkhope ngati mmene munkachitira polowetsa ulusi m'singano. Chinangwa cha kumunsi chinaola chifukwa nyanja inakwera n'kulowa m'munda, koma cha kumtunda chatisunga. Azakhali anatumiza mpunga kuchokera ku Limphasa. Denga la khitchini yanu likudontha, moti sitiphikiramonso.

Zabwino zathera pomwepa, Amayi.

Chichokereni inu, a kuloji anapitiriza kunditumizira alendo ofuna kuona mbalame. Ndinkaopa kuti sindingathe, poti pakamwa panga mukupadziwa kulemera kwake. Koma ntchito imeneyi imakonda munthu wachete. Ndinkayenda patsogolo, ndikamva kulira ndinkaima n'kuloza, iwo n'kukweza magalasi awo oonera patali. Ena ankalemba m'timabuku, ena ankagwetsa misozi chifukwa cha kambalame kosakwana ndi m'dzanja momwe. Kankhalango ka kumathiriro a mtsinje ndinkakadziwa ngati m'chipinda mwanga.

Ndipo ndinasunga lamulo lanu lokhudza a Mlovi ndi akazi awo, akadzidzi akuluakulu ofiirira aja, amene munawapatsa dzinalo chifukwa amagwira nsomba kuposa amuna a m'mudzi muno. Munkati, "Mlendo muonetse mbalame, usamuonetse pobadwira ana ake." Akakhala kuti akupuma masana mu mkuyu wa kutsidya, ndinkawaonetsa kwa alendo okha, popanda munthu wa kwathu pafupi. Akayamba kufungatira m'mphako ya mbawa ija, ndinkati apita ulendo. M'mawa uliwonse ndinkapita ndi nthambi kukasesa minga ya nsomba, mamba ndi zitosi zoyera pansi pa mtengowo, n'kuwazapo masamba ouma, monga munandiphunzitsira. Chifukwa chake munandiuza kamodzi kokha: kale mwana atamwalira m'mudzi, anthu anatentha mtengo wa akadzidzi ana ali momwemo, ndipo mayi amene ankadziwa malowo anasamuka pamudzi ali ndi dzina la ufiti.

Chaka chatha tinamva kuti malo onse kuyambira kumsewu mpaka kunyanja agulidwa ndi kampani ina. Akuti pakhala bwalo la gofu, masewera omenya kampira koyera ndi ndodo, ndi nyumba za mabwana zozungulira bwalolo. Masewerawa akuti amafuna udzu wometa bwino, mitengo imasokoneza kampirako. Amuna ambiri analembedwa ntchito, achimwene nawonso. Sindiwada, ali ndi khanda.

Mwezi wa Epulo kunabwera mayi wina wa m'tauni, Mayi Gondwe, wovala nsapato za jombo ndi chipewa chachikulu. Anatumidwa kudzalemba zamoyo zomwe zili m'nkhalangomo asanayambe kudula. A kuloji anamuuza kuti wodziwa mbalame ndine. Tinayenda naye masiku atatu, koma sitinali awiri. Anatiperekeza amuna asanu a m'mudzi, mmodzi wa iwo mkulu wa mpingo, wina achimwene.

Ine nditamva kuti kukubwera anthu a mapepala, ndinalawirira kukasesa. Masiku atatu onsewo ndinasesa kuposa kale lonse. Ndinatola munga uliwonse ndi zala, ndinatsuka ndi madzi zitosi za pamizu, ndinafafaniza ngakhale mapazi anga. Nthawi imeneyo akazi a Mlovi anali m'mphakomo, atakhalira mazira.

Tsiku lachiwiri Mayi Gondwe anaima m'mbali mwa mtsinje n'kuyang'ana mitengo ikuluikulu. Ananditsegulira buku la zithunzi, nandionetsa a Mlovi enieni.

"Chanju, malo ngati ano amakhala ndi kadzidzi uyu. Unamuonapo? Ndikapeza chisa ndilemba, zingathandize."

Ndisanayankhe, mkulu wa mpingo uja anaseka. "Mayi, mwana wa m'kwaya angadziwe bwanji kogona kadzidzi? Funsani afiti, ngati mubwera nawo m'galimoto mwanumo."

Onse anaseka. Ine ndinayang'ana pansi. Ndinati, "Analipo kale. Anachoka." Kenako ndinawatsogolera njira yozungulira ya m'mabango, imene munkadutsitsa alendo ochenjera kwambiri. Mayiyo sanakhutire. Tsiku lachitatu anapatuka yekha, anakafika pansi pa mbawa penipeni. Anagwada, anafukula masamba ndi kamtengo, anayang'ana nthawi yaitali. Sanapeze kanthu. Anadzuka n'kusasa mawondo ake, nati, "Pansi pake m'poyera. Palibe chogona muno." Analemba m'buku mwake. Amayi, tsiku limenelo ndinabwera kunyumba ndikunyada. Ndinkati mukanandiona mukanati mwana wanga wakula.

Katapila anafika mwezi wa Juni, pamodzi ndi macheka a injini. Anayambira kumsewu. Phokoso lake limalowa m'mano. Sabata yoyamba mbalame zinkauluka pamwamba pa malo oyerawo zikulira, kufunafuna nthambi zimene zinasiya m'mawa. Zina zinadzaza m'mango a pakhomo pathu, mitundu imene sinkayandikira nyumba za anthu. Patapita masiku zinasowa. Alendo awiri omaliza amene ndinayenda nawo anangoima pa mulu wa zitsa, wamkaziyo atagwira pakamwa. A kuloji sanandiitanenso.

Tsiku lina ndikupita kukapereka chakudya kwa achimwene, ndinaona mitengo ngati khumi itasiyidwa chakumpoto, itazunguliridwa ndi zikhomo zopaka penti yoyera. Ndinafunsa kuti imeneyo yalakwa chiyani kuti isadulidwe. Achimwene anati, "Muli chisa cha nkhwazi. Mayi wa chipewa uja anachiona yekha n'kuchilemba. Chilichonse cholembedwa m'buku lake sitikhudza, ngakhale nthambi. Wokhudza ntchito yatha."

Ndinakhala pansi pomwepo, Amayi. Chisa cha nkhwazi chimaonekera patali, mulu wa nkhuni pamwamba pa mtengo, sichinafune munthu wochilankhulira. A Mlovi anali ndi munthu mmodzi yekha wowalankhulira, ndiye anawasesa.

Ndinapita kuloji kukapempha kuti amuimbire foni mayiyo. Anayesa. Mayiyo anayankha kuti ntchito yake inatha, mapepala anaperekedwa kale, ndipo ali kutali ku ntchito ina. Anati andipepesere. Iye kupepesa ine.

Ndinakhala masiku anayi ndikuyeserera mawu kumunda, ndikulankhula ndi mapesi a chinangwa. Lolemba lapitali ndinalimba mtima, ndinapita kwa kapitawo wa odula mitengo. Ndi bambo wa kum'mwera, wonenepa, wokonda nthabwala. Ndinamupeza yekha pamthunzi wa katapila, akudya nthochi. Ndinagwada chapatali.

"Dzukani asisi, ine si m'busa. Mwabwera kudzafuna ntchito kapena mwamuna? Zonse ziwiri zatha."

Ndinamuuza zonse. Mawu ankatuluka ang'onoang'ono, moti anachita kusendera pafupi. Ndinati mu mbawa ya kumtsinje muli mwana wa kadzidzi wodya nsomba, sanayambe kuuluka, angodikira mwezi umodzi wokha.

Anasiya kutafuna. Anatulutsa mapu m'thumba n'kuwayala pa bondo. "Taonani, asisi. Apa pali kabwalo koyera, ndi pa nkhwazi. Apa pa mbawa yanu palibe kanthu. Ndipo mpomwe padutse msewu wopita ku nyumba za mabwana. Ine ndimawerenga pepala, sindilemba." Kenako anafunsa, "Mwauzapo ndani wina?"

Ndinati pamudzi pano palibe.

"Musauze munthu. Anyamata anga akamva kuti muli kadzidzi, palibe adzayandikire mtengo umenewo, ena athawa ndi ntchito yomwe. Ndipo inunso, mtsikana wosakwatiwa, nkhani ngati iyi sikukuyenerani."

Ndinabwerera ndikuganiza kuti mwina wamva chisoni. Mbawa inali kumapeto, akanaifika mwezi wa mawa. Koma Lachinayi m'mawa anachotsa anthu kumene ankadula n'kuwapititsa kumtsinje, kuti athane nayo mbiri isanafale. Ndikanakhala chete, mwanayo mwina akanapeza masabata atatu ena, mwina akanauluka. Pamene pankafunika kulankhula ndinatseka pakamwa, pamene pankafunika kutseka ndinatsegula. Munkati, "Mawu ali ngati mbewu, ali ndi mwezi wake." Ine miyezi yonse iwiri ndinaiphonya.

Ndinali kudambo, ndikuvuula chinangwa, pamene mbawa inagwa. Nthaka inanjenjemera mpaka m'madzi mmene ndinaima. Ndinaona a Mlovi awiri akuuluka masanasana, akhwangwala akuwathamangitsa. Ndinadikira mpaka anthu atapita kukadya. Ndinakwawa m'nthambi zogwazo ndi dengu langa. Mphako inali itang'ambika pakati. Mwanayo ndinamupeza m'masamba, wamoyo, wamkulu ngati nkhuku ya msoti, nthenga zoyera zosakanikira ndi zofiirira, maso akuda bii. Phiko limodzi amalikoka. Anandijompha chala mpaka magazi. Ndinamukulunga m'chitenje, ndinamuika m'dengu, pamwamba ndinaikapo chigwada.

Ali m'khitchini yanu yodontha ija, kuseri kwa mitondo. Ndimamudulira nsomba zaziwisi tizidutswa. Lachinayi anakana, dzulo anameza tiwiri. Koma amalira, Amayi. Kulira kwake mukukudziwa, kuja kokhala ngati munthu akugwa m'chitsime. Dzulo kutacha alamu anabereka mwana kumbuyo n'kupita kwa amayi awo osanditsanzika. Amayi a kuseri kwa mpanda, amene tsiku lililonse amabwera kudzapala moto, sanabwere. Kumjigo nditafika, nkhani inaduka.

Lero m'mawa achimwene anandipeza ndikutsuka mbale. Anaima akukanda khoma ndi chikhadabo.

"Chanju, Lachinayi ndinakuona ukutuluka m'nthambi muja ndi dengu. Sindinauze munthu."

Ndinangoti, "Yewo, achimwene."

"Usandithokoze. Tsiku lija unanena kuti anachoka, ine ndili pomwepo. Unanama pamaso pa mkulu wa mpingo chifukwa cha chinthu chimenechi?"

Ndinati ndinachita zimene Amayi anandiphunzitsa.

Anandiyang'ana ngati ndawamenya. "Amayi ankadziwa?" Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anakhala pa mtondo wogubuduzika, anapukuta kumaso. Kenako anati, "Dzina la Amayi lisalowe m'nkhani imeneyi, wamva? Mwana wanga ali ndi dzina lomwelo. Ine za ufiti sindikudziwa ngati ndimakhulupirira, koma mkazi wanga sabwera chinthucho chili pano. Pofika mawa dzuwa likulowa chisapezeke. Ukalephera ndichita ndekha, ndipo sindifuna kuti udzaone."

Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa.

Ndaganiza tsiku lonse kumene ndingamupititse. Pa mitengo ya nkhwazi pali mlonda, ndipo nkhwazi ingamudye. Kumtunda n'kutali ndi madzi, makolo ake sangamupeze. Mitengo ikuluikulu imene yatsala m'mbali mwa mtsinje ndi ya malo amodzi okha, kumene kampani yaopa kuikako macheka. Ndi kumanda, Amayi, kumene mwagona inu. Dzulo ndinazungulira kunja kwake ngati ndikutola nkhuni, ndipo ndinaona mmodzi wa a Mlovi atabisala m'masamba a mtengo waukulu wa chakumadzi. Winayo sindinamuone.

Mwambo mukuudziwa. Kumanda munthu salowako yekha popanda akuluakulu, makamaka mkazi. Wina akandiona ndikulowa kumeneko ndi kadzidzi m'dengu, palibenso chimene ndingadzanene pamudzi pano choti munthu n'kumva. Nthawi yokha imene njira imakhala yopanda anthu ndi mawa m'mawa, onse ali m'tchalitchi. Koma malo anga a m'kwaya adzakhala opanda munthu, ndipo mkulu wa mpingo uja amawerenga nkhope.

Sindikunamizani kuti mwanayo akhala moyo. Phiko lija silili bwino. Kuli anyani, kuli linthumbu, ndipo patha masiku atatu, mwina make wamuiwala. Ngakhale atakula, adzawedza kuti? Akuti mtsinjewo aumangira makoma a simenti kuti uzithirira udzu wa bwalolo. Ndikudziwa zonsezi. Koma achimwene asachite ndi manja awo, ndipo iye asafere kuseri kwa mitondo.

Choncho mawa belu lachiwiri likalira, ndinyamuka. Ndidzamuika pa mphanda ya mtengo uja, pamene dzanja langa lingafike, ndi nsomba pambali pake. Ndikatero ndidzabwera pamene muli inu, ndidzakhala pansi pang'ono. Chichokereni sindinafikepo pafupi chotero. Musadzidzimuke mukamva mapazi, ndi anga. Mundiuze nokha ngati ndinalakwa kukumverani, poti ine ndalephera kudziyankha.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikulonjeza kuti masiku onse amene mwanayo adzakhale akupuma ndidzabwera ndi nsomba, anthu anene zimene anganene.

Ndine mwana wanu,
Chanju

Ndamaliza kulemba Loweruka, 4 koloko masana, mphepo isanaleke.