Atiki ya Dinah: amisiri anayi, mitengo inayi

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 41, ndimakhala ku Crumlin kuno ku Dublin, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Nkhani yanga ndi ya atiki, kamalo kamdima kaja ka pakati pa siling'i ndi denga komwe timaponyako masutikesi. Mwina mudabwa kuti nkhani ya matabwa ndi masitepe ingamulize bwanji munthu wamkulu, ndiye ndiloleni ndiyambire kumbuyo.

Ndinachoka ku Balaka mu 2013. Mwana wanga woyamba, Dinah, ndinamusiya ali ndi zaka zisanu m'manja mwa achemwali anga a Bernadette. Ndinamuuza kuti ndidzamutenga chaka chamawa. Zaka zisanu ndi chimodzi zinathera ku hositelo ndikudikira mapepala ondilola kukhala kuno. Nditawapeza ndinamufunsira viza, koma a boma anakana ponena kuti ndinalibe malo okwanira omusungira. Pakatipa ndinakwatiwa ndi a Cornelio, omwe amayendetsa basi, ndipo tinabereka Joel ndi Sophie. Chaka chatha tinagula kanyumba kakale ka zipinda ziwiri zogona, ndinamufunsiranso Dinah viza, ndipo mwezi watha yankho linabwera. Amulola. Panopa ali ndi zaka 17.

Pa zaka khumi ndi ziwiri zonsezi ndamuona kamodzi kokha, masabata atatu mu 2022. Ndinamutengera nsapato za saizi 4, kukapeza amavala 6. Anazilandira ndi manja awiri n'kuthokoza ngati akuthokoza mlendo. A Bernadette amawatchula kuti amayi, ine amati Mami. Sindimuimba mlandu, koma ndikamva zimenezo pa foni pamtima pamapweteka.

Tsiku lomwe viza inatuluka ndinamuimbira ndili pa buleki kuntchito. Chifukwa cha chimwemwe ndinalonjeza kuti, "Ukafika udzapeza chipinda chakochako, cha pamwamba, windo lake loyang'ana kumapiri." Anayankha kuti, "Chabwino Mami." Kenaka anafunsa kuti, "Nanga ena onse amagona kuti?" Ndinati pansi. Anangoti, "Oo," n'kupereka foni kwa a Bernadette.

Ndinayamba kuitana amisiri. Woyamba anakwera makwerero, anasuzumira ndi mutu wokha, mphindi zisanu sizinakwane. Madzulo ananditumizira meseji ya mzere umodzi: €21,000. Wachiwiri anakwera ndithu, anayeza ndi tepi, n'kulemba kotesheni ya tsamba limodzi, €36,000. Koma potsika ananena mawu amene anandisokoneza. Anati denga ndi lalifupi, ndiye akhoza kukonza mokongola, koma sangalembe papepala kuti ndi chipinda chogona. Wachitatu anabwera kawiri, ulendo wachiwiri ali ndi injiniya. Kotesheni yake ndi ya masamba anayi, €58,000. Akuti pakufunika kutukula denga kumbuyo kuti likhale ngati bokosi lokhala ndi windo, kuika zitsulo, kusintha zitseko za nyumba yonse, ndiponso kupempha chilolezo ku khonsolo. Akuti zonsezi zingatenge miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira.

Lamulungu lapitali titatuluka ku Misa, a Mulenga, mnzawo wa amuna anga wochokera ku Zambia, amene amagwira ntchito pa saiti yomanga nyumba, anamva tikukambirana. Anaseka n'kunena kuti, "Mlamu, osavutika. Ine nizamanga pa 13,000, masabata anayi chabe, Loweruka na Sondo. Mungonipasa hafu nigule zinthu." Nditafunsa za mapepala anati mapepala ndi amene amadulitsa zinthu kuno. Ndi munthu wabwino, Aphungu, anatikonzerapo mpanda kumbuyo osalandira kanthu.

Tinasunga €19,000. A Cornelio akufuna a Mulenga. Akuti, "Mayi a Joel, nyumba ndi yomweyi, denga ndi lomweli. Enawa akungoona nkhope zathu n'kumakweza mitengo." Nditakayikira anati, "Kapena tingoika bedi lina m'chipinda cha ana, tione kaye." Pamenepo ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti, "Mukutero chifukwa si mwana wanu." Anatenga jekete n'kupita kuntchito nthawi isanakwane. Komatu ndi iwowa amene akhala akulipira fizi ya Dinah kuyambira Fomu 1, osadandaula n'kamodzi komwe. Masiku atatu tsopano tikungolankhulana za ana ndi za mabini a zinyalala.

Masiku amene ndili pa ofu, ana akapita kusukulu, ndimakwera makwerero n'kukakhala pa sutikesi mu atikimo. Kumazizira, fumbi lili ponseponse, pambali pali thanki ya madzi imene imangolira. Ndimayang'ana pomwe pangakhale bedi, pomwe angamawerengere, pomwe ndingamakhale ine ndikumuluka tsitsi. Ndagula kale makatani achikasu, ngakhale sindikudziwa ngati amakonda chikasu. Ali ndi zaka zisanu ankachikonda. Sindinamupatse ubwana wake, ndiye ndikufuna akafika aone ndi maso kuti malo ake analipo nthawi yonseyi.

Ndithandizeni. N'chifukwa chiyani mitengo ikusiyana chonchi pa ntchito imodzi? Ndani akundibera? Nditenge a Mulenga? Viza ikuti Dinah alowe m'dziko muno February asanathe. Ndikuganiza zogula tikiti ya sabata yomaliza yeniyeni kuti chipinda chithe kaye, koma mtima ukufuna ndikanamuona ngakhale mawa.

L.C., Crumlin


Mayi L.C.,

Poyamba ndikuyamikireni. Mwadikira zaka khumi ndi ziwiri ndipo mwana akubwera. Musalole kuti masamba a kotesheni akulandeni chimwemwe chimenechi.

Tsopano za amisiri anu. Sindikuona wakuba pakati pawo, ndipo sindikukhulupirira kuti nkhope zanu ndi zimene zakweza mitengo. Anthu anayiwa sakugulitsa chinthu chimodzi. Ine ndinakonzetsa atiki yanga ku Ongar kuno ku Dublin zaka zinayi zapitazo ndipo ndinasokonezeka ngati inu, mpaka injiniya wina anandikhazika pansi n'kundifotokozera.

Nkhani yaikulu ndi imene mmisiri wachiwiri anakunong'onezani potsika. Kuno atiki yokonzedwa ili mitundu iwiri. Pali imene papepala imalembedwa kuti ndi malo osungira katundu, ngakhale itapentedwa bwanji, ndiye pali chipinda chovomerezeka kugonamo munthu. Kuti chikhale chogona, siling'i iyenera kutalika mokwanira, pafupifupi mamita 2.4 pa gawo lalikulu la chipindacho, ndipo nyumba zakale za kwanuko nthawi zambiri sizifika pamenepo. Pamafunikanso masitepe enieni, osati makwerero, windo loti munthu angatulukirepo, zitseko zochedwetsa moto, ndi ma alamu a utsi olumikizana nyumba yonse. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Moto ukabuka kukhitchini, amene ali pamwamba penipeni ndi amene ali kutali kwambiri ndi khomo. Wa €58,000 uja akugulitsa chipinda chogona. Enawo, mwa zimene mwandiuza, akugulitsa malo osungira katundu ooneka bwino.

Kenaka pali zinthu zimene diso siliona ntchito ikatha. Matabwa amene mumapondapo mukakwera aja anaikidwa kuti anyamule siling'i, osati bedi, wadirobu ndi munthu woyendayenda. Pamafunika matabwa atsopano okhuthala ndi zitsulo zoti zinyamule denga mitengo ina ikachotsedwa. Thanki ikulira ija iyenera kusunthidwa ndi pulambala. Magetsi akufuna munthu wovomerezeka wopereka satifiketi. Pali zotchingira kuzizira, pali kutaya zinyalala, pali VAT, pali inshuwalansi ya mmisiri ngati wina atagwa kapena khoma la aneba litang'ambika. Wa meseji ya mzere umodzi sanakuuzeni kuti pa zonsezi waphatikizapo ziti. Mitengo yotere imayamba yotsika, denga likangotsegulidwa imayamba kukwera, ndipo pamenepo simungamuthamangitse mvula ikulowa m'nyumba. Kusiyana kwina n'kwa masiku onse: kampani yokhala ndi antchito ndi ntchito zambiri imadula kuposa munthu woyenda yekha ndi vani.

Chitani izi. Musanasankhe mmisiri, lipirani injiniya wanuwanu, wosagwirizana ndi aliyense wa iwo. Ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi zimene mukufuna kuwononga. Ayeze, akuuzeni mosabisa ngati atiki yanu ingakhale chipinda chogona, ngati kutukula denga kuja kungathandizedi, ndipo alembe mndandanda wa ntchito yonse. Mndandanda womwewo muupereke kwa amisiri onse, aliyense aike mtengo pa mzere uliwonse. Mukatero mudzaona kuti mitengo yayandikana, ndipo amene wasiya kanthu adzaonekera. Funsani aliyense pepala la inshuwalansi, funsani amene adzasaine satifiketi ntchito ikatha, ndipo pitani mukaone nyumba ziwiri zimene anagwirapo, mukalankhule ndi eni ake mmisiriyo palibe. Kulipira kukhale pang'onopang'ono motsatira ntchito imene yatha, kudzera ku banki, gawo lomaliza likudikira satifiketi.

A Mulenga athokozeni ndi mtima wonse, koma denga musawapatse. Mpanda ndi wina, kudula mitengo yonyamula denga ndi kwina. Popanda mapepala, inshuwalansi ya nyumba yanu ikhoza kukana kulipira zinthu zitavuta, ndipo tsiku lomwe mudzafune kugulitsa nyumbayo loya adzafunsa satifiketi imene mulibe. Komanso ntchito ikakanika pakati, mudzakhala mukukumana nawo ku Misa mlungu uliwonse, ubale utaonongeka. Ngati akufunadi kuthandiza, adzapente ndi kuika mashelefu akatswiri akamaliza.

Ndikuuzeni chilungamo: €19,000 singakwane chipinda chogona chovomerezeka, ndipo ngakhale mutaipeza yotsalayo lero, February afika chilolezo cha khonsolo mwina chisanatuluke. Choncho lonjezo lanu silikwaniritsidwa pa nthawi imene munafuna. Muimbireni Dinah mumuuze choncho. Ndi wamkulu, amva.

Ndipo mukamuimbira, mvetserani bwino. Inu munamuuza za windo ndi mapiri, iye anafunsa komwe ena amagona. Mtsikana amene mwina wakula akugona chipinda chimodzi ndi abale ake ku Balaka, mukufuna afike m'dziko lozizira, m'nyumba ya anthu amene sawadziwa, ang'ono ake akumuyankha m'Chingerezi, kenaka akwere yekha pamwamba n'kutseka chitseko. Inu mukuona mphatso. Iye mwina akuona kuti mwamuikanso patali. Sindikunena kuti ndikudziwa za mumtima mwake, koma inunso simukudziwa, chifukwa simunamufunse. Mufunseni komwe akufuna kugona, ndi mtundu wa makatani umene amakonda lero.

Maganizo a bambo a Joel aja si oipa ngati mmene munawamvera. Dinah ndi Sophie akhoza kukhala chipinda chimodzi miyezi yoyambirira, Joel n'kumupezera malo kwina kwa kanthawi. Mudzapanikizana, mudzakanganirana bafa m'mawa, koma anthu amazolowerana pa zoterezi. Atiki idzamangidwe Dinah ali pomwepo, asankhe yekha pomwe bedi likhale. Koma musanakambe nawo za mabedi, apepeseni amuna anu. Mawu amene munawauza aja ndi olemera, ndipo munthu amene walipira fizi zaka zinayi sanayenere kuwamva. Musadikire kuti ayambe iwo. Auzeni kuti munalankhula ndi mantha, chifukwa ndi zoona. Dinah akafika adzafunika kupeza nyumba imene akuluakulu ake akulankhulana.

Chenjezo langa ndi ili. Musagoneke mwana aliyense mu atiki imene injiniya sanavomereze, ngakhale usiku umodzi, ngakhale wina atakuuzani kuti aliyense amatero. Ndipo musasewere ndi tsiku la viza. Ndege zimachedwa, anthu amadwala, mapepala amasowa pa bwalo la ndege, ndipo mukaphonya tsikulo Dinah akhoza kukwanitsa zaka 18 ali ku Malawi, nkhani n'kuyambiranso pena povuta kwambiri. Gulani tikiti yoyambirira imene mungathe, sabata ino. Mmisiri mudzamupeza chaka chilichonse. Mwana wanu watsala ndi miyezi yochepa yokhala mwana, ndipo miyezi imeneyo aithere m'nyumba mwanu.

Aphungu