Mkamwini Wosadziwa Kunena Ayi

Lolemba, 2 Juni 1986

Chisanu. Basi yachedwa ngati masiku onse. Kufakitale bwana watsopano, wa tayi uja, watiitana ife a ku boyila. Akuti aliyense akhale ndi sitifiketi. Mayeso pa 20, a pakamwa, a za kutentha. Wolephera apatsidwa tsache, azikasesa pabwalo. Zaka 22 kuno kudziko la Ashona ndikudyetsa boyila malasha, sinaphulikepo, lero akufuna pepala! Sukulu ndinalekezera Sitandade 3 kwathu ku Dedza.

Loweruka, 7 Juni

Akazi anga a Esnath aitana mkamwini wathu Naison, mwamuna wa mwana wathu Winnet, poti amaphunzitsa sayansi. Mshona waulemu woopsa. Wanjuta pakhomo, kuwomba m'manja mpaka tiyi kuzizira. Mpando wakana. Wophunzira pampando, aphunzitsi pansi.

Akuti m'malasha muli mphamvu yogona. Ukayatsa imadzuka n'kusanduka kutentha. Kutentha kulowa m'madzi, madzi asanduka nthunzi, nthunzi ikankha makina. Mphamvu sitayika, imangosintha malaya. Nanga yanga ya zaka zonsezi ili kuti? Mwina m'galimoto ya bwana.

Lamulungu, 8 Juni

Abusa alalikira za moto wa ku Gehena. Ine maganizo: wothira malasha kumeneko ndani, sitifiketi ali nayo? A Esnath andigunda ndi chigongono. Kaya ndinanena mokweza. Ambuye mundikhululukire, makamaka pa 20.

Lachitatu, 11 Juni

Naison wabweranso, ndi mafunso. Supuni yachitsulo ikakhala mu tiyi, chogwirira chimatentheranji? Ndati chitsulo n'chadyera, chimamwa tiyi. "Ndizvozvo, baba." Akuti ndakhoza. Mapaipi a nthunzi timawakulungiranji nsanza? Ndati nsanza zimabala kutentha, ngati bulangete. "Ndizvozvo, baba," ndi m'manja momwe.

Mafunso khumi, onse ndakhoza. Kapena ndinabadwa wanzeru, ku Dedza anangondibisira. Koma zikundiopsa. Zinthu zanga siziyenda bwino chonchi.

Loweruka, 14 Juni

Winnet wandipeza ndikuloweza mayankho pakhonde. Waseka mpaka kugwira khoma. Mwana ameneyu Chichewa amamva, kuyankha Chishona basi. "Baba, ari kukunyeperai!" Mwamuna wake akundinamiza. Akuti akachoka kuno amafika kwawo ali thukuta, chakudya osadya. Angauze bwanji apongozi ake kuti alakwa?

Pa khumi paja ndinakhoza awiri. Awiri! Kwatsala masiku asanu ndi limodzi. Tsache la a Esnath lili pakhomo, ndaliyang'ana nthawi yaitali. Nalonso limandiyang'ana.

Lamulungu, 15 Juni

Kutchalitchi sindinapite, za moto ndamva zokwanira. Ndamuitanitsa Naison. Ndamukhazika pampando mokakamiza, ine pachitini. Ndati mwananga, lero kuno kulibe apongozi, tanena kuti ayi. Wayesa. Zakanika. Kenaka wadzuka, ulendo. Ndimati ukwati wa mwana wanga ndaupha.

Wabwerera ndi zibuma ziwiri za ayisi, wapempha kubutchala. Chimodzi waika pambale poyera, china wakulunga m'bulangete la a Esnath, la alendo lija. Ndati cha m'bulangete chiyamba kusungunuka. Masana pambale madzi okhaokha. Cha m'bulangete chikadali gwa.

Ndiye bulangete silibala kanthu! Limangotseka njira. Kutentha kumachoka kotentha kupita kozizira, basi. Chitsulo ndi msewu waukulu wa Seke, tala yekhayekha. Nsanza ndi mlonda wa pageti. Kutereku zaka zonsezi ndine ndimatenthetsa bulangete, ulemu n'kumalandira ilo.

A Esnath alipeza lonyowa. "Bambo a Winnet, sayansi yanuyo izigona panja."

Naison asanapite ndati madzi otentha amatsikira pansi. Naison, maso pansi, kamawu kang'onong'ono: "Aiwa." Ayi wa Chishona ameneyo! Akuti amakwera. Ndatsala pang'ono kumupatsanso Winnet kachiwiri.

Lachinayi, 19 Juni

Tsiku lonse fosholo m'manja, ndikubwereza maphunziro kwa boyila. Yokhayo siindiseka. Chitseko chake ukatsegula kumaso kumapsa usanakhudze kanthu. Kumeneko ndi kutentha kodumpha, ngati kwa dzuwa. Kwina kuyenda m'chitsulo, kwina kukwera ndi madzi. Njira zitatu. Ndazilemba pamkono, thukuta lafufuta.

Mawa. Ndikapita kutsache, boyila ikamatsokomola adzaimva ndani? Wa tayi uja?

Lachisanu, 20 Juni

Wofunsa ndi mwana, msinkhu wa Naison, Mshonanso. Za malasha ndayankha. Za njira zitatu ndayankha. Za nsanza za mapaipi ndamufotokozera ayisi ndi bulangete, ndi ukali wa a Esnath womwe. Wamwetulira. "Ndizvozvo, baba."

Mawu omwe aja! Wakhutira, kapena waona imvi?

Ndinafika kale pachitseko potuluka, ndabwerera. Ndati pepani bwana, ndaiwala chimodzi, chitsulo chimamwa tiyi. Wandiyang'ana ngati wamisala. "Aiwa, mudhara! Ndiani akakuudzai izvozvo?" Akuti ayi mdala, akufunsa amene anandiuza. Sindinamutchule mkamwini.

Ndatuluka ndikuvina. Mnyamatayo amadziwa kunena ayi, ndiye kuvomera konse kuja kunali koona. Kuvina mpaka pokwerera basi.

Tili m'basi pakati pa msewu wa Seke ndakumbukira. Atanena aiwa uja anatolanso bolopeni. Analemba kanthu. Analemba chiyani?

Zotsatira Lolemba. A Esnath akuti ndidye. Tsache ndalibisa kuseri kwa nyumba.