Soketi ya Pansi pa Desiki ya Alamu

Lolemba, 3 Marichi

Maadiresi athanso lero. Ofika mochedwa makompyuta awo angoti duu, osalowa pa netiweki, ndiye onse ulendo kwa ine ngati ndawameza ndine. Ndafotokoza mpaka kukhosi kuuma: netiweki yathu ili ndi maadiresi 254 basi, ndipo chilichonse cholowapo chimatenga yake. Kompyuta, printa, kamera, kamakina kodinda chala pakhomo, kuphatikizapo mafoni awiriawiri a munthu aliyense, mpaka a madalaivala ongobwera kudzanyamula simenti ndi malata. Zingakwane bwanji?

Bwana Mkulu, BM mwachidule, wavomera tsopano kuti ndiigawe. Masabuneti anayi, kutanthauza magawo anayi a netiweki, iliyonse ndi maadiresi akeake, iliyonse pa VLAN yake, kuti magulu asamaonane ngakhale mawaya onse akuthera pa swichi imodzi, bokosi lolumikiza netiweki yonse, m'kachipinda kanga. VLAN 10 ndi ya mabwana. 20 ya olemba maoda ndi a akaunti. 30 ya maprinta ndi makamera. 40 ya mafoni ndi alendo: intaneti yokha, seva yosunga maoda osaiona, printa osaiona.

Wati ikayenda bwino aganizira zondilemba ntchito yokhazikika. Aganizira! Mawu amenewo ndinayamba kuwamva chaka chatha.

Lachitatu, 5 Marichi

Ndinali pansi pa tebulo la m'chipinda chomwera tiyi, ndikulemba manambala pa masoketi a netiweki a pakhoma. Analowa alamu anga, mlongo wamkulu wa amuna anga, amene amalemba maoda ndi kusindikiza zikalata zotulutsira malole. Anali ndi mayi wa akaunti. Sanandione.

"Namawaya ameneyu," akutero alamu, "zaka zonsezi m'banja wabereka chiyani? Mawaya. Mchimwene wanga ndinamulera ndekha ine, kuti adzakwatire bokosi la masukulufaiva? Mpaka chipinda anapenta chachikasu, ati cha mwana. Mukugona makatoni."

Wa akaunti kuseka mpaka kutsamwa ndi tiyi.

Ndinatuluka pansipo mwadala, pang'onopang'ono, fumbi lili m'mawondo. Wa akaunti maso pansi. Alamu ngakhale kuphethira: "Aa, unali pompo iwe? Madzi atha mu ketulo, uthiremo."

Ndinathira. Kenako ndinapita kukalemba masoketi a ku ofesi ya maoda. Ya pansi pa desiki yawo ndi nambala 17. Ndailemba mokongola kuposa zonse.

Lachinayi, 6 Marichi

Ndawauza amuna anga. Yankho: "Ukuwadziwa achemwali, pakamwa pokha, mtima ulibe kanthu." Kenako afunsa ngati malaya awo ndasita.

Loweruka, 8 Marichi

Tsiku lonse ndekha mu ofesi, ine ndi swichi. Zatheka. Ndayesa soketi iliyonse, ndayenda ndi laputopu kuchokera kolandirira alendo mpaka kosungira katundu. Maadiresi tsopano ngochita kutsala.

Chokoma cha VLAN n'chakuti simatsata munthu, imatsata soketi. Ndikalemba mzere umodzi wolamula swichi pano, soketi ya uko yasamuka gulu, mwini wake osaona chilichonse. Waya womwewo, kompyuta yomweyo, kanyali kakuthwanima bwinobwino.

Ndinayesera pa 17. Kuchoka 20 kupita 40, kubwerera 20. Kungoyesa basi. Pena pake ndimayenera kuyesera.

Lolemba, 10 Marichi

Palibe amene wasowa adiresi. BM wandigwira chanza pamaso pa anthu.

Cha m'ma 9, malole atandanda panja, ndinaika 17 pa 40.

Khomo la kachipinda kanga likakhala chotsegula pang'ono ndimaona msana wawo. Anadina. Anadinanso. Anavula magalasi, kupukuta, kuvala, kudinanso, ngati vuto lili m'maso. Intaneti ikutseguka, koma maoda ayi, printa ayi. Madalaivala anayamba kugogoda pawindo ndi makiyi.

"Namawaya! Tabwera kuno!"

Ndinamaliza tiyi wanga kaye. Ndisananyamuke ndinabwezera 17 pa 20, n'kupita. Kudina kamodzi, chikalata chatuluka.

"Chikugwira ntchito, alamu. Mwina munadina pena."

Dalaivala wina wa ndevu anati, "Amayi, mukanangomupatsa mtsikanayu mpandowo." Anzake kuseka. Kunena zoona ndinamva kukoma, kukoma kwenikweni, kufika mpaka ku zala za kumapazi.

Lachiwiri, 11 Marichi

Kawiri lero. M'mawa, ndi pamene lole ya kasitomala wathu wamkulu inafika.

Lachitatu, 12 Marichi

Alamu ayamba kufika m'mamawa kuti asindikize zinthu zisanavute. Koma maoda salowa m'mamawa, amalowa akadzuka makasitomala. Ayamba kulankhula ndi kompyuta monong'ona, mwina kuipempherera. Aika kansalu pamwamba pake, ati mwina ndi fumbi.

Anaitana BM kuti adzaone yekha. Ndinamva nsapato zake zikutsika masitepe, ndipo asanafike pansi 17 inali itabwerera kwawo. Anadina yekha ndi chala chimodzi, pepala fwaa kutuluka. Kenako anatembenukira alamu.

"Bwana, ndikulumbira, pompano chimakana."

"Chimakana inu nokha?"

Wa akaunti uja, mnzawo wa tiyi, ndi amene wayamba kufalitsa kuti alamu mutu wayamba kuwasokonekera. Ine sindinanene ngakhale liwu limodzi. Anthu a pano ukangowatsegulira kampata amalowa okha ndi makasu.

Lachinayi, 13 Marichi

Lole ya kasitomala wamkulu yabwerera yopanda katundu. Dalaivala anatopa kudikira. BM wakalipa mpaka mawindo kunjenjemera.

Sindinafune kuti zifike pamenepo. Ndinaitanidwa kumwamba kukakonza projekita, 17 n'kuiiwala pa 40 mpaka masana. Komanso ngati ndinaiwaladi, bwanji ndinkayang'ana wotchi?

Lachisanu, 14 Marichi

Alamu abwera m'kachipinda kanga. Chiyambireni ntchito pano anali asanapondemo. Anaima pakhomo, chikwama atachikumbatira pamimba.

"Iwe, tandiuza zoona. Makinawa alibe vuto?"

Ndinawatembenuzira sikirini, manambala obiriwira okhaokha. "Onani nokha. Zonse zili bwino."

Anayang'anitsitsa ngati angawerenge. Kenako anati BM wanena kuti desiki ya maoda ikufunika munthu wachangu. Ndipo ntchito ikatha, nyumba ya kampani imene amakhalamo kuseri kwa kosungira katundu ithanso. Chimwalirireni amuna awo, iwo ndi ana awo awiri kwawo n'komweko.

"Ndikapita kuti ine ndi ana?"

Ndinati ndiyang'ananso mawaya. Anati, "Uyang'anedi, usangokhala pamenepo ngati chidole." Ngakhale popempha, lilime lomwe lija. Atatuluka ndinaika 17 pa 40 mpaka nthawi yoweruka.

Lamlungu, 16 Marichi

 Madzulo amuna anga akuti, "Achemwali akuti akuiwalaiwala. Anandilera aja, sukulu anasiya chifukwa cha ine. Iwe uli pomwepo, sungawathandize?"

Ndinati ndikuyesetsa.

Ndinalowa m'chipinda chachikasu kukatenga nsapato m'katoni. Utoto wayamba kusuwa cha kuwindo. Ndinakhala pansi pang'ono. Ndaganiza kuti zakwana, mawa sindikhudzanso 17. Aphunzira.

Lolemba, 17 Marichi

Sindinakhudze. Tsiku lonse chagwira ntchito, koma alamu akudina kawirikawiri poopa kuti chikana, ndiye oda imodzi yatuluka katatu. Malata akanapita katatu kwa munthu mmodzi. Wosunga katundu wakawaneneza.

Imeneyo si ine. Imeneyo ndi yawo.

Lachiwiri, 18 Marichi

BM watiitana tonse awiri ku ofesi kwake. Pampando wa pakona panali mwana wa mchemwali wake, wongomaliza kumene sukulu, zikhadabo zazitali zopaka zofiira. Anthu amutcha kale Nazikhadabo.

BM akuti iye ndi munthu wachilungamo. Mawa Nazikhadabo akhala pa desiki ya alamu tsiku lonse, kompyuta yomweyo, soketi yomweyo. Chikakana ngakhale kamodzi, ndiye kuti vuto ndi netiweki yatsopanoyi, alamu apepesedwa, ndipo aitana akatswiri akunja adzafufuze zimene ndinapanga. Chikapanda kukana, vuto likudziwika pamene lili.

Alamu nkhope inawala. "Zikomo bwana, muona nokha." Potsika masitepe anandigwira mkono: "Mawa chikana, ndikuchidziwa ine chimene chija."

Akatswiri akabwera sadzavutika n'komwe. Swichi imasunga mbiri ya zonse zimene yauzidwa, ndipo amene amaiuza ndine ndekha.

Lachitatu, 19 Marichi

Alamu anawaikira mpando kumbuyo kwa Nazikhadabo. Anavala diresi yawo ya kutchalitchi. Manja pamiyendo, maso pa sikirini, kudikira kuti chikane.

Ine m'kachipinda, khomo lotsegula pang'ono. Mzere ndinaulemba kale, 17 kupita 40, kungotsala kudina. Kudina kamodzi kokha, kwa kanthawi kochepa, alamu apulumuka. Chala ndinachiika pa batani. Ndinachichotsa. Ndinapita kukamwa madzi. Ndinabwera, kuchiikanso.

Nazikhadabo amalemba ndi nsonga za zikhadabo, ta ta ta, ngati nkhuku pa lichero, uku akutafuna chingamu. Printa ikungolavula mapepala. Madalaivala kumwetulira, wa ndevu uja mpaka kumugulira zakumwa.

Masana alamu anatembenuka n'kundiyang'ana kudzera pa kampata ka khomo. Sikunali kundikayikira ayi. Anandiyang'ana ngati munthu wofuna mboni, woti anene kuti inde, chinkakana, ndinaona. Ndinayang'ana pa sikirini.

Nthawi yoweruka itakwana ndinafufuta mzere uja, chilembo chimodzichimodzi.

BM anatsika. "Chakana kangati?"

"Olo kamodzi, ankolo," akutero Nazikhadabo.

Alamu anaimirira, kuwongola diresi. "Mwina ndakalambadi, bwana." Anachotsa kansalu kawo pamwamba pa kompyuta, kukapinda bwinobwino, kuika m'chikwama.

Lachinayi, 20 Marichi

Andilemba ntchito yokhazikika. BM akuti netiweki yanga yaonetsa poyera amene amagwira ntchito ndi amene amangotenthetsa mipando.

Wa akaunti wabwera kudzandiyamikira, tiyi ali m'manja, wopangira ine. Akuti, "Alamu ako aja pakamwa panali poipa, sindinkawakonda ine." Ndamwa tiyiyo.

Lachisanu, 21 Marichi

Foni ya alamu ikadali kuoneka pa 40, pamodzi ndi za madalaivala. Akulongedza kuseri kuja, netiweki imafika mpaka pakhonde pawo. Ntchito awachotsa, ndipo awapatsa mpaka mawa kuti atuluke m'nyumbamo.

Loweruka, 22 Marichi

Ndinapita kogula zinthu. Pobwera ndinapeza kalole pakhomo pathu, matiresi atatsamira mpanda, mapoto m'beseni, ana awiri atakhala pa sutikesi. Amuna anga akutulutsa makatoni anga m'chipinda chachikasu n'kumawaunjika pakhonde.

"Palibe kwina," anatero osandiyang'ana. Kenako, mokweza, ana akumva: "Iwe unali pomwepo tsiku lililonse. Zinakukanika bwanji kuwathandiza?"

Ndisanatsegule pakamwa alamu anatuluka m'chipindamo, tsache lili m'manja, mpango kumutu. Achepa thupi sabata ziwiri zokhazi.

"Asiye," anatero. "Anayesetsa awa. Ndikaitana ankabwera, nthawi zonse, osadandaula. Ofesi yonse ija amene sanandiseke ndi iwo okha."

Awa. Iwo. Chikwatiwireni sanandipatsepo ulemu umenewo.

Anatsamiritsa tsache pakhoma, kubwera, kundilandira majumbo ndi manja awiri.

"Alamu, mutikhululukire takulandani chipinda cha mwana. Akabwera tidzasamuka, tidzagona ngakhale pabalaza. Abwera ndithu, ndiyamba kukupemphererani."

Wamng'ono uja wakhoma kale msomali pakhoma lachikasu, wapachikapo chikwama chake cha kusukulu. Ndikulemba izi ndili pakhonde, pakati pa makatoni. Alamu akundiitana kuti ndikadye, akuti andipakulira ine poyamba.