Phala la Nyama za Santa

Achemwali, mwana wanga Tadala wadya tizidutswa tonyezimira tapulasitiki, ndipo akusanza. Kuchipatala ndikuopa, angati ndine wosasamala n'kundilanda mwana.

Kaya inu muli bwanji ku Cork? Kuno ku Balbriggan mtima suli m'malo.

Dzulo ku kireshi, pokonzekera holide ya Khirisimasi, ana anapanga timapaketi ta oats, mbewu yophikira phala, n'kuthiramo zonyezimira, ndipo Tadala anabwera nako kake kunyumba. Zonyezimirazo ndinayesa shuga, m'mawa ndamuphikira phala. Nditaimba foni, aticha akuti, "Ayi mayi, n'zomwaza panja, zidye nyama zokoka ngolo ya Santa!"

Chakudya chenicheni kuchithira zinyalala, n'kupatsira mwana wa zaka zinayi? Zandinyansa zedi. Masanzi ake akuchita kung'anima!

Chizungu changa mukuchidziwa, ndekha sindingalongosole. Mulungu akuyendetseni bwino, koma kwerani basi lero lomwe. Chonde achemwali, bwerani msanga.