Msewu wa Buyafuti

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Joni tili m'nyengo yozizira, kuzizira kolowa m'mafupa, koposa kwa ku Ntcheu kuja munkadandaula nako. Ndikadali ku Primrose, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya azungu, ndikuwachapira ndi kuwasitira. Satifiketi ya Fomu 4 ija mudagulitsira mbuzi ili bwinobwino pansi pa matiresi, palibe waifunsapo. Kumudzi, achimwene a Yohane akuti chimanga chachita mwa apo ndi apo, feteleza wakwera mtengo. Alamu adachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Akuti akalira mudzi wonse umadziwa, ndiye dzinalo silidasochere.

Koma chomwe ndakhalira pansi ndi nkhani ya Buyafuti.

Mukukumbukira kuti tili ana, tikafunsa za abambo munkayankha kuti ali ku Buyafuti, monga adakuuzirani anthu obwera kumigodi. Ine ndinkayesa mzinda waukulu wa nyumba zosanja. Inu munkati, "Ku Buyafuti basi yopita ilipo, yobwerera idafa." Munkanena mukupeta, osaseka.

Ndakupeza, amayi. Si mzinda ayi. Ndi kamsewu kafumbi ku Wattville, kufupi ndi Benoni. Ndidamva mayi wina m'tekisi akuuza dalaivala kuti atsika pa Buyafuti, ndipo ndidatsika naye osadziwa komwe ndikupita.

Pachikwangwani padalembedwa dzina lina, la mzungu amene ankayang'anira lokeshoni kale, koma palibe ankalitchula. La Buyafuti lidachokera pakona, pakhonde la sitolo, pomwe pankakhala munthu wosoka nsapato. Anali Mnyasa wothawa kumgodi, ndipo Chizulu chomwe ankadziwa poyamba chinali mawu awiri okha. Munthu akatenga nsapato zake, iye ankamukuwira kuti "Buya futhi," kutanthauza kuti mubwerenso. Ana adayamba kumuyeseza. Mawuwo adasanduka dzina lake, kenako la kona, mpaka la msewu wonse.

Anali aNgozo, amayi, amuna anu. Zaka zonsezo ankauza anthu a eni kuti abwerenso.

Adamwalira chisankho chothetsa ulamuliro wa azungu kuno chisanachitike. Adandiuza ndi MaThoko, mayi amene ankakhala nawo. Ndalingalira nthawi yaitali ngati n'koyenera kukuuzani zimenezi, koma mwina kumeneko mwazimva kale. Ndi nkhalamba yowonda, yodwala miyendo, ndipo sadabereke nawo. Atandiyang'anitsitsa adati mphumi yanga ndi ya iwo, n'kuyamba kulira. Ndidapita nditakonzeka kudana naye, koma adandiphikira tiyi. Kumanda adanditengera. Ndi mulu wa dothi ndi kachitsulo ka nambala kochita dzimbiri. Dzina palibe. Dzina lawo, ngakhale lidayamba ngati chipongwe cha ana, linali pamsewu pokha.

Tsono boma latsopano likuchotsa mayina a azungu, ndipo kudaitanidwa msonkhano m'holo kuti anthu asankhe dzina la msewuwo. Achikulire ankafuna Buyafuti, poti ndi lomwe aliyense amalidziwa. Achinyamata ankafuna dzina la mnzawo wa mumsewu womwewo, amene adaomberedwa nthawi ya zipolowe. Amayi ake analipo, atakhala kutsogolo, manja ali pamiyendo. Amenewo sindingawanene. Koma bambo wina adaimirira n'kufunsa ngati adamenyera ufulu kuti msewu ukhale wa kwerekwere, lomwe ndi dzina lathu ife obwera kuno. Anthu adaseka.

MaThoko adayankha kuti kwerekwereyo ndi amene ankasoka nsapato zomwe iwo ankathawira apolisi. Kenako adatembenukira kwa ine. Ankafuna ndiimirire, ndinene kuti munthuyo anali ndi kwawo, ndipo mwana wake ndi uyu.

Amayi, ndilibe mapepala. Pakhomo panali apolisi, ndipo lilime langa limandiulula ndikangopereka moni. Kuyankhula pamenepo kukanakhala kudzipereka ndekha kuti andibweze kwathu ndi zovala za m'thupi zokha, chonsecho ana a achimwene akuphunzira ndi manja angawa. Ndidayang'ana pansi. Nthawi yokweza manja, langa lidatsala pamwendo. Dzina la mnyamatayo lidapambana.

Chikwangwani chatsopano achikhoma kale. Madalaivala akutchulabe Buyafuti, koma ana a sukulu ayamba kuwerenga zolembedwazo. MaThoko akadzapita, sipadzakhala wofotokoza kuti mawuwo adatuluka pakamwa pa yani.

MaThoko sadandikalipire. Pondiperekeza adandipatsa chitsulo chomwe abambo ankavekapo nsapato posoka, atachikulunga m'thaulo. N'cholemera ndithu. Adati iye wakhala nacho mokwanira, chipite kwa mkazi wamkulu.

Ndidzabwera nacho podzamanga chiliza chanu, anthu akakolola. Ndidzachikwirira kumiyendo kwanu, osati kumutu, poti sindikudziwa ngati mudawakhululukira. Ngati simukuchifuna, mundiuze kutulo ndisanagule tikiti.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya